Ana a Mervis a ku Nthukwa

Lolemba, 2 Febuluwale 1998

Mvula kuyambira m'mawa. Nkhuni zonyowa, utsi mpaka maso kufiira. Tsiku langa lophika phala la ana amasiye ku holo ya tchalitchi chathu kuno ku Chilomoni, ine ndi mayi Clara. Ana achuluka kuposa sabata yatha. Mwezi wa njala uno. Ena abwera atafunda matumba a feteleza.

Pali kamtsikana kachilendo, zaka mwina khumi, mwana kumsana. Sikanalowe pamzere. Kanangoima pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka onse atatha kudya. Dzina akuti Chiyamiko. Wakumsanayo ndi mlongo wake, Rafaeli. Tsitsi lofiira, lopyapyala, mapazi otupa. Ndawakokotera zotsala mu poto.

Lachinayi, 5 Febuluwale

Wabweranso. Wamwetsa Rafaeli, iye kungonyambita supuni, lotsalalo wathira m'chitini cha majarini chimene anabisa m'nsalu. Ndinaona, ndinayang'ana kumbali.

AHawkins, apampando a komiti, anaonanso. Anandiitanira kuseri. Akuti azungu otitumizira ufa anaika malamulo awiri: phala ndi la ana amasiye okha, ndipo lizidyedwa pomwepo. Uyu mayi ake alipo. "Mayi Anastasia, si nkhanza ayi. Tikatsegulira mmodzi, mawa Chilomoni yense ali pano, ufa kutha mwezi uli pakati." Sakunama. Koma ndafika kunyumba mutu ukuwawa.

Amuna anga, bambo a Lonjezo, akuzungulirabe m'makampani ku Makata. Chichotsedwereni ntchito ku fakitale ya nsalu, nsapato zatha ndi kuyenda. Sopo wakweranso.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Ndamuperekeza Chiyamiko kwawo. Ku Nthukwa kumtunda, kuyandikira Michiru. Kanyumba ka zidina, malata akale opsinja ndi miyala. M'kati mdima, fungo la matenda.

Mayi akewo ndimawadziwa. Ndi Mervis, amene ankaswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Sigerege. Anali mkazi wamphamvu, akaseka mumamumvera kutali. Lero mafupa okhaokha ndi chifuwa. Phala la m'chitini lija limabwera kwa iyeyu. Mwamuna wake anaoloka malire kupita ku Milanje Rafaeli ali m'mimba, ati kukaona munda wa makolo poti nkhondo ya kumeneko inatha. Mpaka lero.

Mervis anachita manyazi, nkumalimbana kuti adzuke andiyalire mphasa. "Pepani mayi, mwatipeza posasesa." Chiyamiko ndiye wotunga madzi, wochapa, womutembenuza. Sukulu ndi yaulere masiku ano, koma iye analekezera Sitandade 3. Odwala awasiyire ndani?

Pobwerera ndinakhala pamwala kaye.

Lachiwiri, 17 Febuluwale

Msonkhano wa komiti. Ine sindiyankhula pagulu, koma lero ndayankhula. Ndinafunsa kuti mwana amene akusambitsa mayi ake, tinene kuti ali ndi mayi, kapena mayiyo ndi iyeyo? Mayi Clara anandiikira kumbuyo. Ena ati tikaphwanya lamulo thandizo lonse liima, ana ena onsewa adya chiyani. Zatha ndi zoti alembera azunguwo kupempha chilolezo. Yankho mwina pakatha miyezi.

Potuluka aHawkins anandipatsira kathumba ka ufa wa likuni. "Uwu ndagula ndekha, si wa pulojekiti. Anthu asadziwe." Ndinawaweruza msanga bambowa.

Loweruka, 28 Febuluwale

Mervis tapita naye ku chipatala cha Queens. Galimoto singakwere kumtunda kuja ndi matopewa, ndiye bambo a Lonjezo anachita kumubereka mpaka pamsewu. Ati wapepuka ngati mwana. Mu minibasi anthu kumasendera kutali. Chiyamiko watsala komweko kudikirira mayi ake, agona pansi pa bedi. Rafaeli ndabwera naye kuno, agona ndi Lonjezo wanga.

Bambo ake a Lonjezo anandifunsa, "Pakamwa pawonjezeka, ntchito palibe. Mwaganiza bwino?" Zoona, sindinaganize. Kenako ndinawapeza kuseri akupinda mawaya, kumupangira mwanayo galimoto.

Lolemba, 9 Malichi

Mervis anatisiya Loweruka. Tamuika lero. Bokosi anapereka ndi a limana lathu la ku tchalitchi.

Lachinayi nditapita kukamuona anandigwira dzanja. Mawu ochita kutchera khutu. "Musawalekanitse." Ndinavomera. Munthu ungakane bwanji pamenepo?

Chiyamiko sanalire. Tsiku lonse kutsuka makapu a anthu obwera pamaliro, ukamuletsa kumangopita kukatenga ena. Pochokera kumanda aHawkins anati, "Tsopano atha kumabwera pamzere." Atangomva mawu awo omwe, anagwira pakamwa, nkupatuka kulowera m'chimanga. Sanabwerenso ku nyumba ya siwa.

Loweruka, 14 Malichi

Kwabwera aOnesimo a ku Bangwe, achimwene ake a malemu. Amalume a ana, eni mbumba. Ndi alonda pa sitolo ina ku Limbe. Atenga Chiyamiko. Akazi awo ali ndi khanda, amakazinganso mandasi, akufunika wowathandiza. Rafaeli ayi. "Wamng'onoyo ndi wodwaladwala, sitingamuthe."

Ndinawauza mawu a Mervis. "Ndamva mayi, koma kwanga ndi chipinda chimodzi, ana anayi kale." Si munthu woipa. Buluku lake zigamba mawondo onse. Ndinati ndiye asiyeni onse kuno. Anati anthu adzati chiyani, mwana wa mlongo wake kuleredwa ndi achilendo iye ali moyo. Bambo a Lonjezo sanatsegule pakamwa. Ndawakwiyira, ngakhale ndikudziwa kuti ufa watsala pansi pa thumba.

Anadikira kuti Rafaeli agone. Chiyamiko anagwada pakhomo nkundiuza, "Phala amafuna lozizira. Akamalira muzimuimbira, kumugwedeza sakonda." Ngati kholo likusiya mwana kwa wantchito. Katundu wake yense mu nsalu imodzi.

Ndalephera, Mervis.

Lamulungu, 29 Malichi

Sindinalembe masiku onsewa, kunalibe mtima. Rafaeli mapazi aphwa, tsitsi layamba kuda. Kudya akudya. Koma saseka, sasewera ndi Lonjezo. Amangoima pakhomo kuyang'ana kunjira. Akaona mtsikana aliyense wasenza ndowa, "Yamiko." Nyimbo zanga sazifuna.

Bambo a Lonjezo apeza ganyu kwa owotcherera zitsulo ku Chirimba. Si zambiri, koma mchere ndi sopo zilipo. Azungu sanayankhebe. Pansi pa mtengo wa mapeyala paima ana ena atsopano, onse makolo ali moyo koma ali chigonere. Mayi Clara ndi ine tayamba kuthira madzi ochulukirapo mu phala. AHawkins akumayang'ana kudenga.

Lachinayi, 16 Epulo

Pochokera ku holo masana ndapeza munthu wakhala pakhonde, Rafaeli ali kale kumsana, wagwira khosi ngati wina amulanda. Chiyamiko.

Wayenda pansi kuchokera ku Bangwe. Akuti ananyamuka kukucha, nkumangotsata msewu wa maminibasi, Limbe, Chichiri, m'tauni, kufunsa amayi ogulitsa nthochi njira ya ku Chilomoni. Mapazi ang'ambika, magazi ouma ndi fumbi. Padzanja chilonda cha mafuta a mandasi, akuti anadzitayira yekha. Waonda. Kwa amalume ake sanatsanzike. "Ndangobwera kudzamuona, ndibwerera." Ndinamufunsa ngati amamumenya. Ayi. Ngati amamumana chakudya. Ayi. Kungoti akagona amamva Rafaeli akulira.

Ndinachita mantha. Kusunga mwana wa eni amene wathawa ndi mlandu, ndipo bambo a Lonjezo milandu sayifuna. Atafika anaima, nkuyang'ana mapazi aja. Anakatenga beseni okha, madzi ofunda ndi mchere, nkugwada kumusambitsa. Pamenepo ndi pamene mwanayu analira. Kulira konse kwa pamaliro kuja kwatuluka lero, mpaka anansi kusuzumira.

Atatha anavala jekete la ku tchalitchi. "Anthu aja ali pakalikiliki kufunafuna mwana. Ndikawauze kuti ali kuno, ndipo ndikawapemphe ngati mwamuna mnzawo. Umalume sitikuwalanda, azibwera kudzawaona. Koma ana awa azigona pa mphasa imodzi." Adutsira kwa aHawkins kuti apitire limodzi. Ndawaona akutsetsereka kupita pa siteji, wina wamtali wina wamfupi.

Dzuwa likadalipo koma ana onse awiri agona, Chiyamiko wagwira mwendo wa mlongo wake. Lonjezo akuyenda monyang'ama kuti asawadzutse.

Sindikudziwa abwera ndi yankho lanji. Ndatulutsa diresi langa labuluu kuti ndilichepetse. AOnesimo akakana, Chiyamiko apita nalo ku Bangwe. Akalola, avala popita ku sukulu zikatsegulira. Ndamuyeza ali mtulo, ndi chingwe. Ulusi wabuluu ndilibe, ndisokera wakuda.