Muleti wa Adi Bakhtan

Multan, 11 Novembala

Zotsatira za magazi zatuluka. Potaziyamu wotsikabe. Dokotala wathu wamkazi anayang'ana pepala, kuyang'ana Adi, kubwereranso pa pepala. Mutu wamuima. Akuti mchere umenewu ndiwo umagwiritsa ntchito minofu yonse, ndi mtima womwe. Wa Adi ukungotayika, kotayikira kwake sikukudziwika. Anafunsanso ngati pali mankhwala ena amene akumwa kupatula mapiritsi a kuthamanga kwa magazi aja. Palibe. Ine ndinachitira umboni.

Adi Bakhtan, mkulu wanga, nkhawa alibe ngakhale pang'ono. Potuluka akuti, "Kalsum, magazi angawa athera m'timabotolo ta anthuwa, matenda asanandipeze n'komwe."

Ukwati wa Sidra, mdzukulu wawo, pa 6 Disembala. Adi aimbira akwati a theka la mzinda uno, ine pambali pawo ndi ng'oma kuyambira ndili mtsikana. Koma uyu ndi wamagazi awo, mtsikana yekhayo pakhomo. Nyimbo yomutsazika pa tsiku lopita kwa mwamuna anayamba kuipeka mwanayo akadayamwa. Sanaiimbirepo munthu. Inenso ndimangomva zidutswa akamakanda ufa wa chapati.

14 Novembala

Ntchito kwa ogulitsa nsalu ena, akukwatitsa mwana wawo wachiwiri. Azimayi bwalo lonse tho. Adi pa mphasa, mutu chagada, maso otseka, mawu kufika mpaka kumsewu. Nyimbo yomaliza itatha ndinaona akufuna kudzuka, miyendo yakana. Anayesanso, ayi ndithu. Wina akanakuwa. Iwo anangoyambitsa nyimbo ina, yoseka mphuno ya apongozi a mkwati, anthu n'kumagwirana mapewa ndi phwete, ine n'kupeza mpata wowanyamula m'khwapa ngati tikuvina. Palibe anadziwa kanthu.

Munthu ameneyu! Ndimawaopa, ndimawakonda, nthawi zina ndimafuna kuwatsina.

Kunyumba nthochi, zipatso za kanjedza, mbatatesi, sipinachi, chambiko, zonse zimene dokotala ananena. Nthochi zakweranso mtengo. Mankhwala amadzi a potaziyamu amamwa atatsina mphuno, akutukwana amene anawapanga ndi makolo ake omwe.

Mawu ayamba kusasa madzulo, ndiye muleti wawonjezeka. Muzu wotsekemera uja ankatafuna amayi athu, agogo athunso. Woimba wopanda muleti pa mfundo ya mpango wake anamuonapo ndani? Kale kachidutswa kamodzi asanaimbe. Tsopano tsaya lotupa tsiku lonse, wina akuwiritsa mu tiyi.

18 Novembala

Kapu yawapulumuka m'manja m'mawa. Zala dzanzi. Minofu ya m'miyendo kukokana mpaka misozi, ine kusisita ndi mafuta a mpiru.

Kenako mkangano. Rab Nawaz, mwana wawo, bambo ake a Sidra, akufuna asiye kuimba. Anayamba ndi ine kukhitchini, "Masi, mayi aang'ono, auzeni inu, ine samandimva." Ngati kuti ine amandimva. Atalimba mtima n'kukawauza yekha, akuti, "Amma, mukufuna mudzagwe pamaso pa anthu?" Yankho silinachedwe. "Mawu omwewa ndi amene anakugulira rikisho ya mawilo atatu ukunyada nayoyo. Khala pansi, idya."

Anakhala pansi, anadya. Bambo wandevu zaimvi.

Iye sangakumbuke, ine ndikukumbuka. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Achibale a mwamuna ankati mkazi wamasiye woimba m'maukwati ndi chamanyazi, akhale m'nyumba azilandira zimene ampatsa. Adi anamanga mwana kumsana, kundipatsa ng'oma, n'kutuluka pachipata masana dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira pamenepo sitinapemphepo ufa kwa munthu.

22 Novembala

Chadziwika! 

Tinapita kukapimitsanso. Dokotala uja chifuwa chamugwira, mawu osamveka, akungonong'ona. Adi ndi mtima wawo uja anamasula mfundo ya mpango n'kumupatsa kamuzu. "Mwana wanga, tafuna aka, mawa udzalankhula ngati wailesi." Iye anakatembenuza, kukanunkhiza, nkhope n'kusintha. Anafunsa kuti amatafuna wochuluka bwanji. Ndinayankha ndine: tsiku lonse, ndi mu tiyi momwe.

Anagwira mutu ndi manja awiri. "Amma, ndinakufunsani kangati za mankhwala?" Adi osagwedezeka. "Mankhwala amawawa, mwana wanga. Uwu ndi wa ntchito, ngati singano kwa telala."

Mmene anafotokozera: muleti ukachuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, umatayitsanso potaziyamu mumkodzo. Magazi atathamanga anawapatsa mapiritsi okodzetsa, nawonso otaya potaziyamu. Thupi kufooka, mawu kufooka, Adi n'kuwonjezera muleti kuti mawu abwerere. Nthochi zathu zonse zija timangotunga madzi ndi dengu.

Lamulo lake: muleti basi, ngakhale kakang'ono. Mapiritsi wasintha. Koma akuti thupi silibwerera lero ndi lero, pangapite masabata. Anawerengera zizindikiro pa zala: miyendo kapena manja kukaniratu, kupuma movutikira, mtima kudumphadumpha, kusanza kapena kutsegula m'mimba kosaleka. "Zikatero musadikire kuti kuche, musadikire kuti phwando lithe." Adi anabwereza zonse osaphonya, monga amachitira ndi mayina a abale a mkwati akamva kamodzi.

 

23 Novembala

Titapemphera m'mawa anandiitana kukhitchini. Mfundo ya mpango, kachitini ka pawindo, kathumba ka pansi pa pilo kamene ine sindinkakadziwa, zonse m'moto. Fungo lotsekemera nyumba yonse. Fungo la amayi athu lenileni. Ndinalira ndine. Iwo anangofunsa ngati mkaka wawira.

Chimene sakunena ndikuchidziwa. Amakhulupirira kuti mawu awo amakhala mu muzu umenewo. Inenso ndimakhulupirira, dokotala anene zake.

27 Novembala

Akuyeserera m'mawa uliwonse. Madzi ofunda ndi uchi. Lero pokwera m'mwamba mawu anathyoka ngati a tambala wamng'ono. Anayambiranso, anathyokanso. Mpongozi wawo anathawira kubafa kuti asamuone akulira.

Ine mtima sunapirire. Masana ndinazemba kupita kwa Ditta wogulitsa mizu, kugula kachidutswa kofanana ndi chala cha mwana. Ndinawaikira pa bondo. Kamodzi kokha, Adi, mpaka ukwati udutse. Anakayang'ana nthawi yaitali, ndinaona akumeza malovu. Kenako akuti, "Kalsum, ukufuna Sidra atuluke ndi nyimbo n'kubwerera ku maliro? Chotsa, usandiyese. Ndine munthu inenso."

Manyazi mpaka kumapazi. Wodwala ndi iwo, wofooka ndine.

1 Disembala

Potaziyamu wakwerako pang'ono. Dokotala anamwetulira, mawu ake abwerera opanda muleti, Adi akuti ndi mwayi chabe. Madzulo akwera okha masitepe mpaka padenga kukaona nsalu za mkwatibwi zili padzuwa. Ine pansi ndikunamizira kusesa, maso pa zidendene zawo.

Alendo ayamba kufika. Azakhali a ku Muzaffargarh ndi ana awo onse, nyumba ngati msika. Mpunga, nyama, mafuta, zonse kuwirikiza. Rab Nawaz waonda. Madzulo aliwonse ng'oma pabwalo, atsikana akugogoda supuni, Sidra pakona atavala zachikasu, akunamizira manyazi. Adi aimba nyimbo zitatu, mawu okanda pang'ono koma awo enieni. Ya kutsazika akuisungabe. Sidra anawanyengerera, "Dadi, agogo anga, mzere umodzi wokha." Iwo akuti, "Ukaimva lero udzalira chiyani Loweruka?"

4 Disembala, pa benchi ya chipatala

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

Dzulo nyama ya mafuta ija. Theka la nyumba kutsegula m'mimba, Adi nawonso. M'mawa ndinawakumbutsa mawu a dokotala. Anamwa madzi a mchere ndi shuga, akuti zikapitirira mpaka madzulo tipita. Apa pokha anachedwa, ndipo ine ndinawalekerera, poti lero linali tsiku lopaka mendi, utoto wokongoletsa, m'manja mwa mkwatibwi.

Masana akuchimuna anafika ndi mbale zawo zamakandulo. Bwalo lodzaza, ena padenga. Sidra pakati, manja atatambasula, mendi wamuwisi mpaka m'zigongono. Adi anayamba nyimbo yodalitsa. Amayi athu ankati nyimbo yodalitsa siidulidwa pakati, ukaidula wadula banja. Woimba aliyense wa kuno amadziwa zimenezi. Adi anaimalizapo tsiku lina denga likudontha pamutu pawo, tsiku lina atangouzidwa kumene kuti mchimwene wathu wamwalira.

Ndime yachiwiri anandiyang'ana ndi diso lija la kuti ukuphonya. Ine sindimaphonya. Anapitiriza, kundiyang'ananso. Kenako anatambasula dzanja n'kuliika pa chikopa cha ng'oma. 

"Kalsum, si iwe ukuphonya. Ndi mtima wangawu. Itana Rab Nawaz."

Mawu odekha ngati akuitanitsa tiyi. Miyendo inali itapita kale, tinawanyamula anthu atatu. Kumbuyo kwanga azakhali a mkwati, mayi wa mano agolide, akuti, "Malodza awa, nyimbo kuduka pakati?" Adi anamva. Ali m'rikisho anandikoka mpango. "Kawauze kuti malodza enieni ndi mtembo pa tsiku la mendi. Atsikana apitirize kuimba."

Sidra anathamanga mpaka pachipata. Manja sakanatha kuwagwira nawo, anawakumbatira ndi zigongono.

Kuno anawamata timawaya pachifuwa, dilipi pamkono. Nesi akuti potaziyamu wa mu dilipi sathamangitsidwa, amalowa dontho ndi dontho, ukafulumiza umaimitsa mtima womwewo. Dokotala wa lero, mwamuna, anangoti mwachita bwino kubwera nthawi yomweyo. Rab Nawaz wakhala pansi m'khonde, nkhope m'mawondo.

Ndikudzifunsa, ndikanakhala ine? Ndikanamaliza nyimboyo. Ndikudziwa ndithu. Ndikanaopa mano agolide aja kuposa imfa.

5 Disembala

Zala akutha kugwedeza tsopano, mapazinso. Mtima ukudumphabe apo ndi apo. Dokotala wathu wamkazi uja anabwera kudzawaona. Adi anamufunsa ngati angatuluke mawa masana pang'ono chabe, akaimbe nyimbo imodzi n'kubwerera, dilipi anyamula okha. Iye anati ayi, mtima sunakhazikike, ukadumpha ali kunyumba sangafike kuno.

Ndinakonzekera nkhondo. Munthu amene anathamangitsa mwini nyumba ndi nsapato, amene sanagonjepo kwa mlamu, kwa shehe, kwa aliyense. Anafunsa kamodzi kokha. Anayang'ana kudenga, akuti, "Chabwino, mwana wanga. Iwe ndiye ukuumva bwino kuposa ine lero."

Sindinawaonepo akulu ngati pa bedi limeneli.

Rab Nawaz anati aimbire pa foni, aika pa sipika. Anakana. Akuti nyimbo imeneyo amaimba atagwira mutu wa mwana, osati kachitsulo. Ukwati usasunthidwe, anthu aphika kale. Ine ndipite, ndikaone zonse, ndidzawauze osabisa kanthu.

6 Disembala

Sidra wapita.

Akuchimuna anabwera ndi woimba wawo, mtsikana wa mawu abwino ndithu, ndisaname. Nthawi yotuluka itakwana, Korani pamutu pa mkwatibwi, mtsikana uja anatsegula pakamwa. Sidra anaima pakhomo. Mwana amene sanakwezepo mawu chibadwire, pansi pa nsalu yofiira ija akuti, "Ngati saimba Dadi, pasaimbe munthu."

Anatuluka chete. M'nyumba ya oimba, mkwatibwi kutuluka popanda nyimbo, ng'oma yanga ili pa mwendo. Kunkamveka zibangili zake ndi kulira kwa amayi ake basi. Ngakhale a mano agolide aja anapukuta m'maso.

Madzulo ndinawauza Adi zonse monga analamula. Anamvetsera osandidula, chinthu chachilendo. Nditafika pa mawu a Sidra anatembenukira kukhoma. Mapewa kugwedezeka. "Mwana wopusa," akutero, "mwana wopusa, kuchititsa manyazi alendo." Analira ngati mmene sanalirire pa maliro a mwamuna wawo. Ine ndinangogwira phazi lawo, lofunda, likugwedezeka lokha.

Atatha anapukuta nkhope ndi mpango, kuitanitsa mankhwala owawa aja, kumwa onse osatsina mphuno. Kenako akundifunsa kuti akuchimuna anena kuti mkwatibwi adzabwera liti kudzaona kwawo. Ndinati Lachinayi.

"Lachinayi ndidzakhala nditatuluka. Ng'oma ija ukaiike padzuwa, chikopa chalefuka, ndinamva pa mendi paja. Ndipo umuuze mwanayo adzabwere ndi mpango wopukutira, sindidzamudulira ndime ngakhale imodzi."

Nesi akuti andionetse mmene ndiziwerengera kugunda kwa mtima pa mkono. Ine, woimba ng'oma. Akundiitana, ndilekeze pano.