Kanthu kamene anasiya m'galimoto

Lachinayi madzulo. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Ndinapita ku Chipangali kukatenga nshawa, mtedza uja, pa galimoto ya malemu amuna anga, ulendo woyamba chiwaikireni m'manda. Pobwerera, ndili pachitunda, ndinamva fungo la labala wopsa. Singano ya geji yoonetsa kutentha inali pansi, ngati injini sinayake n'komwe. Koma boneti inali yosagwirika.

Nditafika ku komboni ya Nabvutika, makanika, a Zulu, anafufuza n'kupeza kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokulungidwa ndi tepi pa waya wa sensa yoyeza kutentha kwa madzi.

"Amayi, aka kamanamiza kompyuta kuti injini ndi yozizira. Ndiye imathira mafuta ambiri, galimoto n'kumakoka bwino. Koma fani siyaka. Injini ikhoza kupsa geji ikunena kuti zonse zili bwino. Anakaika ndani?"

Ndinakayang'anitsitsa. Pa tepi panali chidindo cha chala cha girisi, chodutsidwa ndi chipsera pakati. Chala chimenecho ndimachidziwa, n'cha amuna anga. Iwonso ankatero. Thupi likutentha ngati mbaula, iwo n'kumati, "Ndili bwino, amake Chikondi, musandivute." Mpaka tsiku lija tinachita kuwanyamula.

A Zulu anakadula, nafuna kukataya m'ngalande. Ndinawalanda, sindikudziwa chifukwa chake.

Kali pano patebulo. Ndakaviika m'madzi kawiri, koma ndikakagwira kadakali kotentha. Galu wakana kulowa. Wangoima pakhomo, akuyang'ana mpando wa malemu, ndipo akugwedeza mchira...