Mbava ya Kushedi ya Bambo

Achimwene,

Landirani moni wa kuno ku Tengwe. Tonse tili bwino, koma Amayi miyendo ikuwavutabe.

Ine wa dipuloma ndachita manyazi lero. Papurazi pano aika mamita m'bokosi lalikulu la magetsi, nyumba iliyonse ndi mita yake. Mita ya kushedi ya malemu Bambo inkangoyenda, chonsecho shediyo tinakhoma titaika maliro. Ndinalengeza komboni yonse kuti pali mbava, mpaka foromani waitana a Moyo, amagetsi a ku Karoi, kuti adule waya.

Titafika kushediko tapeza chitseko chili pululu, Amayi akusita ovolosi ya Bambo, wailesi ya Bambo ikuimba.

"Mbavayo ndine, mwanangu," atero. "Ndimabwera Lachitatu lililonse."

A Moyo angovula chipewa n'kukhala pandowa. Pamene ndikulemba pano akumwa tiyi wachitatu, pulayala ili pamwendo, kudikira kuti Amayi amalize kolala.

Chonde mubwere pa Khirisimasi, ndipo mutenge mabatire a wailesi. Mulungu akusungeni ku Joniko.

Basi, a Moyo adula waya uja. Wailesi yangoti zii. Atuluka chipewa chili m'manja, osatsanzika.

Ndine mng'ono wanu,
Fanuel