Mwana wa mbumba yanga akufuna kumutcha Rosalia

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti dzanja lomwe likulemba kalatayi si langa. Akulemba ndi mayi Veronica, a kwathu komweko, omwe timapemphera nawo kuno, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga. Ine sukulu sindinaipondeko. Ndakula ndi khasu, ndipo milandu ya pabanja ndaweruza yambiri popanda cholembera. Koma uwu wandikanika.

Kwathu ndi ku Nambuma, ku Dowa. Ku Nairobi kuno ndinabwera kudzachotsa ng'ala m'maso. Ananditenga ndi Immaculata, mwana wa malemu mlongo wanga Mtisunge, yemwe amagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu ku Kibera. Ndikukhala kwa iye ku Kilimani, m'nyumba zosanjikizana zija, momwe umagona pamwamba pa mutu wa mnzako osamudziwa ndi dzina lomwe. Maso anachira. Ndinatsalira kuti ndione mwana, chifukwa Immaculata anali woyembekezera. Wabadwa wamkazi.

Apa mumvetse bwino. Ife tinabadwa anayi, wamkazi anali Mtisunge yekha. Iyenso anabereka mtsikana mmodzi, Immaculata yemweyu. Ndiye khanda ili ndilo mbumba yanga yonse. Dimba la amayi athu, malo a nyumba, zonse zikudikira iyeyu. Nditamva kuti ndi wamkazi ndinati mlongo wanga wabwerera, ndipo dzina la Mtisunge ndinalitchula pomwepo kuchipatala.

Mwamuna wa Immaculata ndi Gaspare, mzungu wobadwira ku Kenya konkuno, koma makolo ake anachokera ku Sisile, chilumba cha ku Italy. Sindinama, ndi munthu waulemu. Anafika mpaka ku Nambuma kudzachita chinkhoswe, anagwada, tambala anapereka, thadzi analandira, ndipo nkhoswe ndinali ine. Koma ali ndi matenda amodzi, ofunafuna akufa. Akaweruka ku galaja yake amangokhala pa kompyuta ndi zithunzi zakale.

Mbiri yake anandifotokozera, ndipo ndinaisunga. Agogo ake aamuna, omwenso anali Gaspare, anathawa njala kwawo n'kupita kukamanga misewu ku Asmara, m'dziko la Eritrea. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka anagwidwa ndi Angerezi n'kubwera nawo ku Kenya ngati akaidi. Nkhondo itatha sanabwererenso, anayamba kukonza malole. Abale awo ena anakwera sitima ya ku Amereka, ena ya ku Ajentina, ndipo sanaonanenso mpaka imfa. Chaka chatha mkamwini wangayu anakafika kumudzi kwawoko ku Sisile. Anapeza nyumba yotseka, denga litagwa. Akuti mayi wina wokalamba anamufunsa kuti ndiwe wa kwa yani, iye n'kuyankha kuti Gaspare mwana wa Calogero mwana wa Gaspare. Mayiyo anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda, komwe anaona dzina lake lomwe pamiyala ingapo. Akuti kwawoko mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la bambo a bambo ake, wamkazi woyamba la mayi a bambo ake, ndipo mayina obwerezabwerezawo ndi omwe anamuthandiza kupeza abale mpaka ku Ajentina.

Ndiye akuti mwanayu akhale Rosalia, dzina la mayi ake, mayi wamasiye yemwe akukhala ku Hurlingham, mu Nairobi momwemuno.

Ndinamuyankha kudzera mwa Immaculata, chifukwa iye pa Chichewa amangodziwa moni ndi "malume". Ndinati, "Muuze kuti mkamwini asamakule mwendo. Ife tinamupatsa mkazi, sitinamupatse mtundu." Immaculata anazengereza. Ndinati, "Tanthauzira momwemo, usathirepo shuga." Gaspare anafiira nkhope koma sanakweze mawu. Anati, "Malume, ife dziko tinataya, munda tinataya, chilankhulo chikutha. Tatsala ndi mayina okha. Ndikadula pano, ndikhala woyamba kudula." Ndinati, "Mayi ako ali moyo, akudya, akuyenda. Mlongo wanga ali m'dothi. Wofunika kudzutsidwa ndani pa awiriwa?"

Kenako Gaspare anati amutche mayina onse awiri, Rosalia Mtisunge. Ndinakana. Dzina lachiwiri ndi la papepala, limaitanidwa kuchipatala basi. Mlongo wanga ankasenza tomato pamutu kupita naye pamsika kuti Immaculata aphunzire, ndipo anamwalira ukwati wa mwana wake osauona. Lero akaime kumbuyo kwa mayi wina?

Tsiku lina Gaspare anabwera ndi foni, akuti ndimutchulire mayina a amayi athu ndi amayi awo, kubwerera m'mbuyo, kuti awasunge pamodzi ndi a kwawo. Ndimawadziwa onse, mpaka mayi yemwe anayamba kulima dimba lija. Palibenso wina wotsala yemwe angawatchule mondondoza. Koma ndinamuuza kuti akufa athu sitiwerenga ngati mbuzi, ndipo sindingawapereke kwa munthu yemwe wakana mmodzi wa iwo.

Chibwerere kuchipatala mwanayo sindinamunyamulepo. Ndinalumbira kuti sindimugwira mpaka atapatsidwa dzina lake. Akalira ndimatuluka kukakhala pakhonde n'kumayang'ana minibasi za mu Ngong Road, zomwe kuno amati matatu. Ubatizo ndi Lamulungu likudzali, ndipo ndanena kuti andigulire tikiti ndinyamuke Loweruka. Immaculata waonda. Dzulo anandigwadira nati, "Malume, amayi anandisiya m'manja mwanu. Mukufuna ndisankhe pakati pa inu ndi bambo wa mwana wanga?" Ndinangoti, "Iwe ukudziwa komwe unachokera."

Aphungu, sindikufunsa ngati ndikulondola, mwambo ndimaudziwa. Ndikufunsa kuti ndimugonjetse bwanji mzunguyu popanda kupasula banja lomwe ndinamanga ndekha. Komanso ndikafika kumudzi, akandifunsa dzina la mwana, ndikati chiyani?

R. K. M., Nairobi

A Malume,

Mwati ndisakhudze zoti mukulondola kapena ayi. Pepani, ndiyambira pomwepo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Chisoni chanu ndachimva. Mlongo wanu simunamalize kumulira, ndipo mukuopa kuti mtundu wa amayi anu usungunukira kunja. Mantha amenewo si opusa. Koma taonani mkamwini wanuyo. Nayenso akuopa zomwezo, ndipo iye anaziona ndi maso, nyumba yotseka ndi denga lakugwa. Mukulimbana ndi munthu yekhayo m'nyumbamo yemwe akumva kuwawa kofanana ndi kwanu.

Pa mwambo, inu mukudziwa kuposa ine kuti mbumba siyendera dzina, imayendera bele. Mwana wa Immaculata ndi wanu ngakhale atamutcha dzina loti lilime lanu likukana. Dimba lija silidzamufunsa chiphaso. Mukudziwanso kuti m'madera ambiri kwathu, mwana woyamba amamutcha dzina ndi akuchimuna. Ndipo nkhani ngati iyi ankhoswe amakhalirana pansi mwana asanabadwe. Inu munangolengeza kuchipatala, mayi akadali ndi ululu. Nkhoswe ntchito yake ndi kuzima moto, si kuukoleza.

Mwati dzina lachiwiri ndi la papepala. Ku Nambuma konko, ndi angati omwe anabatizidwa dzina lina koma mudzi wonse umawaitana lina? Dzina limakhala ndi moyo pakamwa pa oliitana. Mukamamunyamula mwanayo n'kumamuti Mtisunge m'mawa ndi madzulo, adzayamba kucheuka. Mukakhala pakhonde, adzacheukira la Rosalia lokha.

Chitani izi, ndipo muyambe lero.

Muitaneni Immaculata mumuuze kuti simukumusankhitsa. Ndi mayi woyamwitsa, ndipo nkhawa imaumitsa mkaka. Musamugwiritsenso ntchito yotanthauzira mawu olasa mwamuna wake. Mwana satumidwa kukabaya pamene amagona.

Kenako munyamuleni mwanayo. Ngati lumbiro lija likukulemerani, pitani kwa abambo mfumu a pa parishi yanu akumasuleni. Lumbiro la mkwiyo silimanga munthu kuposa magazi.

Lisanafike Lamulungu, pemphani mayi Veronica akuperekezeni ku Hurlingham mukaonane ndi mayi Rosalia, akulu okhaokha. Musapite kukatsutsana. Kawafotokozereni za Mtisunge, za tomato uja ndi ukwati womwe sanauone. Nawonso ndi mayi yemwe wakalambira kutali ndi manda a makolo ake, ndipo akhoza kukudabwitsani. Kawapempheni kuti mayina onse awiri akatchulidwe mokweza pa ubatizo, komanso kuti akuchikazi mukhale omasuka kumuitana lanu pakhomo. Loyamba likhale liti, asiyireni makolo a mwana.

Mayina a amayi anu aja mupatseni Gaspare, koma mwaulemu wake. Mukhale pampando, iye akhale pansi, Immaculata akhalepo ndi mwana pamiyendo, ndipo muwatchule mondondoza ndi mawu anu, foniyo ijambule. Kumeneko si kuwerenga mbuzi, ndi kupereka chuma kwa mwini wake, yemwe ndi khandalo. Mwanena nokha kuti wowadziwa mwatsala nokha, ndipo zaka zanu si za mnyamata. Pamenepo mumupemphe chinthu chimodzi pamaso pa mkazi wake: kuti mwanayu akayamba kuyenda adzabwere naye ku Nambuma, adzaone manda a agogo ake ndi kuponda m'dimba lake. Munthu yemwe anaoloka nyanja kukafuna manda a kwawo sangakukanizeni zimenezo.

Akakufunsani kumudzi, kayankheni mutu uli m'mwamba kuti ndi Mtisunge wa Immaculata, kwa bambo ake amamuti Rosalia. Palibe bodza pamenepo, ndipo palibe yemwe wagonja.

Chenjezo langa lili pa tikiti ya Loweruka. Abale a Gaspare anabalalitsidwa ndi njala ndi nkhondo, sanachite kufuna. Inu palibe chikukuthamangitsani. Mukakwera, mwanayu adzakula akumva za Sisile tsiku ndi tsiku, chifukwa bambo ake sadzatopa kumuuza. Za Nambuma adzayenera kuzimva kwa mayi yemwe akatchula malume ake misozi imalengeza, ndipo mayi wotere amafika posiya kutchula. Mbumba yanu idzathera pamenepo, ndipo woithetsa sadzakhala mzungu.

Aphungu