Mapazi a Zuze

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, tikudzuka. Mvula yagwa kawiri chikuikireni m'manda. Ndinazolowera kukuuzani nkhani mumtima ndikamapalira kumunda, koma ya lero yandikulira, ndiye ndati ndiilembe.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira bwino kuchipatala ku Minga, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Watenga chipumi chanu, ndipo akamalira sapempha, amalamula. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma mpendadzuwa tinalimira mbalame. Mbuzi yanu yong'ambika khutu ija inaswa awiri, ndipo sinasiye kuba m'dimba la eni. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja. Amuna anga a Mumba akuti akonza mvula isanabwere, monga ananenera chaka chatha.

Mukudziwa kuti ndikachulutsa za mbuzi ndiye kuti ndikuzungulira china. Ndalakwa, Amayi, ndipo amene ndawalakwira ndi anthu anu.

Yohane anandigulira foni yaikulu ku Lusaka. Ndinaizolowera moipa. Ndikamaswa mtedza ndinkaiimika pamtondo n'kumamvetsera nkhani za anthu ophedwa kumayiko akutali, mmene ofufuza amagwirira chigawenga ndi tsitsi limodzi lokha, kapena phazi limodzi pamatope. Ndinafika pomadziwa wakupha nkhani isanathe, n'kumadziona wanzeru. A Mumba ankandiseka amvekere, “Bwana wapolisi, ndiwo zapselela uku.” Tilinso ndi gulu la pafoni la anthu a dera lino. Tinalitsegula kuti tizidziwitsana za maliro ndi za feteleza, koma ine ndinasanduka woweruza wa m'menemo. Nkhuku ikasowa, anthu ankafunsa ine Tisa.

Mukumukumbukira Dailesi, mwana wa a Tembo, uja ankagulitsa zovala za salaula pamsika ku Petauke? Mwezi watha, Lachisanu lina, sanafike pakhomo. Loweruka m'mawa azimayi opita kumadimba anamupeza atafa kudambo, pafupi ndi njira yopita ku Msanzala. Nditamva mfuu ndinadzimanga chitenje chanu cha nkhanga chija n'kuthamanga. Ndikuvomera pamaso panu kuti sindinathamangire maliro. Ndinathamangira nkhani, foni ili m'manja.

Ndinafika anthu asanachuluke. Dailesi anali atafunditsidwa nthambi za msekese, zoyalidwa bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pamatope panali mapazi a munthu, lina lathunthu, lina lokwakwaza. Mtima wanga unagunda, osati ndi chisoni ayi, koma ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza yankho pamayeso. M'nkhani zanga zija, wakupha nthawi zonse amabisa mtembo. Ndinajambula mapaziwo n'kutumiza pagulu, ndi mawu akuti, “Wakupha anabisa mtembo na nthambi. Onani mapazi. Nindani ayenda motele kuno kwathu?”

Dzina sindinatchule, ndipo ndabisala kuseri kwa mawu amenewa masiku ambiri. Koma dera lonse lino amene amayenda chotero ndi mmodzi: Zuze, mwana wa mnzanu uja wa ku Mozambiki, amene anafika kuno ali kumsana kwa amake nthawi ya nkhondo, phazi litaphwanyidwa ndi bomba. Zuze amene ndinkadya naye mbale imodzi. Amake ndi amene munawagawira mbewu ya mtedza atangofika, ndipo ndi iwo amene anasambitsa thupi lanu tsiku lija, ife ana anu tikungolira.

Chithunzi chinayenda kuposa moto wa lupsa. Pofika masana kudambo kunali ngati pamsika. Aliyense ankafuna kuona mapazi ndi maso ake, aliyense foni m'mwamba, ena mpaka kusuntha nthambi kuti ajambule bwino. Pamene galimoto ya apolisi inkafika, matope onse anali atapondedwa ngati m'khola la ng'ombe. Ndipo kumbuyo kwa galimotoyo kunali Zuze. Anthu anakuwa kuti amugwira, ena n'kundigwira chanza. Ndinalandira, Amayi. Ndinamwetulira.

Madzulo ake Zuze anabwerera kwawo ndi njinga yake, womasuka. Gulu la pafoni linawira. Ena ankati wathawa, ena ankati anthu a kutsidya ku Mozambiki amadziwa mankhwala, ena anakumbukira mbuzi zawo zimene zinasowa kalekale. Anthu amene takhala nawo zaka zonsezi, tikupemphera nawo ndi kukwatirana nawo, tsiku limodzi lokha anasanduka alendo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, amuna ena anapita kwa Zuze n'kuyatsa nkhokwe yake ndi nyumba yomwe, dzuwa likuswa mtengo. Iye anatulukira kumunda, ndipo sanaonekenso. Ine ndinaona utsi ndili pakhomo pano. Sindinalembe kanthu pagulu tsiku limenelo, ndipo ndinkaganiza kuti kukhala chete n'kusamba m'manja.

Patapita masiku anayi anandiitana kupolisi. Amene akufufuza mlanduwu ndi mayi wina wamfupi, amai Daka, wosakweza mawu. Anandionetsa chithunzi changa.

“Amai Mumba, ndimwe munayamba kutuma ichi?”

Ndinavomera.

“Zuze ndiye anapeza mtembo m'mamawa, popita kumunda,” anatero. “Anaufunditsa, anakwela njinga, anabwela kuno kutiuza. Mugalimoto muja sanali womangidwa, anali kutilangiza njila. Ndiye mboni yathu, imodzi chabe. Pa Chisanu madzulo anaona Dailesi atakwela njinga yamoto, na munthu amene anali kuyendetsa anamuona kumaso. Anatiuzanso kuti matayala a njingayo anaoneka pamatope paja. Ise pofika tinapeza mapazi a mudzi wonse.”

Matayala, Amayi. Ndinaima pomwepo m'mawa uja, mwina ndinawaponda ine ndemwe. Sindinawaone chifukwa maso anga anali atasankha kale choti aone.

Ndinafunsa za nthambi. Amai Daka anayankha:

“Na ine ninamufunsa. Anati, ‘Amake Tisa ananiphunzitsa kuti malilo sawasiya pa dzuwa.’ Amake Tisa si amai anu imwe?”

Pamenepo ndinakumbukira zonse. Chaka chija tinapeza bambo wachilendo atafera m'mbali mwa msewu, tikuchokera kuchigayo, inu, ine ndi Zuze. Ine ndinafuna kuthawa. Inu munatula ufa, munathyola nthambi, n'kutisenzetsa tonse awiri. Munati, “Munthu akafera panja, mfunditseni kaye, kenako kaitaneni anthu. Ntchentche sizidziwa ulemu.” Tinaphunzira tsiku limodzi, kwa mphunzitsi mmodzi. Mwana wa mnzanu anasunga, mwana wanu wobereka nokha anasinthanitsa ndi nkhani za pafoni. Ulemu umene munatiphunzitsa ine ndinautcha kubisa mtembo. Ndinalira muofesi muja mpaka amai Daka anandipatsa madzi.

Munkakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinkayankha mumtima kuti nkhono ilibe ntchito. Lero ndaona chimene liwiro langa lagula. Apolisi anataya masiku akuyankha mafoni a anthu onena za Zuze: wina wamuona ku Nyimba, wina wamulota, wina akuti ankamuyang'ana Dailesi moipa chaka chatha. Atayamba kufunsa anyamata a njinga zamoto, wina analemba zimenezo pagulu tsiku lomwelo, ndipo njinga ina inasinthidwa matayala dzuwa lisanalowe. Tinkati tikuthandiza, chonsecho wakuphayo ankawerenga nafe limodzi.

Tsopano apolisi agwira munthu wina amene akumuganizira. Koma amai Daka anandiuza mosabisa kuti popanda Zuze kubwera kudzamuzindikira, mlandu ulibe miyendo, ndipo munthuyo sangamusunge mpaka kalekale. A Tembo awonda, Amayi. Amakhala pakhonde tsiku lonse kuyang'ana kumsewu. Ndikamadutsa amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayankha ndikuyang'ana pansi.

Chimene chandidya kwambiri ndi ichi. Tsiku limene nyumba inapsa, amake Zuze anabwera pakhomo pano ndi kathumba kamodzi. Sanapite kwa wina aliyense. Ndinawayalira mphasa yanu m'chipinda chanu, ndipo akhala nafe milungu itatu. Amandithandiza kuswa mtedza, amanyamula mdzukulu wanu akabwera, ndipo akatha kudya amawomba m'manja amvekere, “Zikomo, mwana wanga.” Zikomo ameneyo ankandilasa kuposa kutukwanidwa. Iwo foni alibe, kuwerenga sadziwa, ndiye ndinkati sakudziwa amene anayambitsa. Kumene Zuze ali akukudziwa, koma apolisi atawafunsa anangoti, “Mwana wanga anathawa moto kawili, wachitatu sinimupeleka.”

Amai Daka anandipempha kuti ndiwanyengerere, poti amandikhulupirira. Ndinayesa kawiri, koma ndinalephera. Ndikanawanyengerera bwanji ndi nkhope yobwereka? Koma ndinkaopanso kuti ndikaulula anyamuka ndi kathumba kawo, Zuze osabweranso, wopha Dailesi n'kumayenda pamsika ngati munthu. A Mumba anati ndikhale chete mpaka mlandu uthe. Ndinatsala pang'ono kuwamvera, koma ndinamva mawu anu aja akuti mlandu suola.

Lero m'mawa tili pamphasa ndi lichero la mtedza pakati, ndinagwada.

“Amama, chithunzi chija cha mapazi, nine ninajambula. Nine ninatuma.”

Sanasiye kuswa. Anaswa zitatu, zinayi, n'kuponya makoko kumbali.

“Nidziwa,” anatero. “Tsiku lija la moto, wina ananiika foni pamaso, ati onani mapazi a mwana wanu. Ine sininaone mapazi. Ninaona pansi pa chithunzi, kansonga ka chitenje cha nkhanga. Mpendelo uja ninasoka nine, amai ako ali kudwala.”

Ndinafunsa kuti nanga anabwereranji kwa ine, akudziwa zonsezi.

“Sininabwele kwa iwe, Tisa. Ninabwela kwa amai ako. Ninati nikhale pano nione ngati pakali mwana wao pakhomo pano.” Anakankhira lichero kwa ine. “Milungu itatu wanichedwetsa. Iswa, titsilize, mailo tili na ulendo.”

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinapemphe. Masana ano ndalemba pagulu lija, ndi dzina langa lonse, kuti ndinanama, kuti Zuze ndi amene anafunditsa Dailesi ndi kukaitana apolisi. Ena ayankha, ambiri angowerenga n'kukhala chete. Bodza lija linathamanga ndi njinga yamoto, choonadi chikuyenda chotsimphina. Ndapitanso kwa a Tembo ndi miyendo yanga kukawauza pamaso. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangoti, “Mubwele naye Zuze.”

Amake andiuza kuti Zuze ali kwa asuweni ake kumidzi ya kuseri kwa Nyimba, akuthandiza m'munda wa nthochi. Izi ndauza inu nokha. Mawa tikwera basi yoyamba, ine ndi amake, ndipo amai Daka alonjeza kuti akavomera kubwera adzamusunga pabwino. Sindikudziwa ngati avomere. Akakana kundiyang'ana n'komwe, sindingamudandaule. A Mumba ndi Yohane ayamba kale kudula mitengo ya nkhokwe yake, ndipo chimanga choyamba kulowamo chichokera mwathu.

Chitenje chanu ndachichapa, ndichivala mawa. Munapita koma munandigwirabe ndi kansonga kake, monga munkandigwirira khutu ndikanama. Foni ndiisiya m'nyumba. Ndikulonjeza kuti ndikagwada pamaso pa Zuze n'kunena zonse popanda kuchotsera, ndipo ndidzabwerera kumeneko kachiwiri ndi kachitatu mpaka Dailesi apeze mboni yake. Dailesiyo mumupatse moni kumeneko kwanu. Mumuuze kuti amene anamufunditsa ndi mwana amene munaphunzitsa inu, ndipo winayo akuphunzira tsopano.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikuchita manyazi.

Ndine mwana wanu,
Tisauke