Mawu amene ndinawalasa nawo alamu anu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tadzuka, ndipo amayi mwendo uja wayamba kupepuka. Koma pakhomo panga sipali bwino, wolakwa ndine.

Lachiwiri tikusankha fodya m'chigafa, ine ndi alamu anu tinakangana za mwana wathu Chisomo, amene wayamba kujomba kusukulu. Iwo ankafuna kumuletsa zoyendayenda kumsika. Nditapsa mtima ndinati, "Inu ndinu mkamwini chabe, mwini mbumba ali ku Joni." Chisomo anali pomwepo, anamva zonse.

Dzulo bambo ake atamuuza kuti avale yunifolomu, anawayankha osaphethira n'komwe: "Si inu amalume." Alamu anu sanakalipe. Anangondiyang'ana, n'kunyamula khasu. Mpaka lero sakundiyankhula, ndipo mwanayu inenso sakundimvera.

Ndinawapepesa kuseri, koma chipongwe ndinawachita mwana akumva. Chonde imbani foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, tonse atatu tili pamodzi. Mumuuze Chisomo kuti amalume salowa m'malo mwa bambo womulera. Mukatero ine ndidzawagwadira amuna anga, iye akuona.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati