Ketulo ya Amayi ndi Mbale ya a Pyo

Gunsan,
Seputembala 1996

Okondedwa achimwene a Manbok,

Ndayamba ndakupatsani moni. Muli bwanji kumeneko ku Brazil? Alamu ali bwanji ndi msana wawo uja wa pa makina osokera? Nanga ana? Chithunzi chija ndachiona, koma wamng'onoyo mukumudyetsa chiyani kuti masaya achite kubisa maso chonchi? Kuno tilipo, kungoti bondo langali likumalosera mvula kuposa a pa wailesi. Amayi m'thupi ali bwino. Za mumtima mwawo ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndikulembereni.

Paki yathu ya zosangalatsa ya kumtunda kwa msika aitseka Lamulungu lapitali. Akuti amangapo nyumba zosanja. Gudumu lalikulu lija ayamba kale kulimasula, ndipo ndikakweza maso ndili pa benchi ya Amayi ndikumaona ngati phiri lagweluka dzino.

Mukulikumbukira gudumulo? Tsiku lija Abambo anatikweza, inu mutadzaza mimba ndi maswiti a thonje, munafika pamwamba n'kuyamba kuloza kunyanja monyada, mumvekere ndikadzakula ndidzapita kutsidya uko. Musanatseke n'komwe pakamwa munasanzira chipewa cha msilikali amene anali m'kabokosi ka m'munsi mwathu. Ine ndinaseka mpaka kudzinyowetsa. Kutsidyako munapitadi, achimwene, ndipo ife munatisiya pompano.

Amayi okha ndi amene sanakwerepo kalikonse m'pakimo. Moyo wawo wonse akhala pachipata, kukazinga zitumbuwa za mphodza ndi kuthira mowa wa mpunga m'mbale za anthu otsika kumtunda. Ankati akuyang'anira chiwaya, zozungulirazungulira n'za anthu okhuta.

A Pyo simungawaiwale, bambo aja oyendetsa akavalo amatabwa, amene ankatiopseza kuti tikakoka mchira wa kavalo woyera atimangirira pomwepo mpaka mawa. Akazi awo anamwalira kale, Abambo asanatisiye. Mvula ikagwa ana sabwera kwa akavalo, ndiye iwo ankatsikira kwathu, poti mvula imaitana chitumbuwa chamoto ndi mbale ya mowa. Ankakhala kumapeto kwa benchi, osalankhula zambiri, Amayi n'kuwathirira monga amathirira wina aliyense.

Inu mukudziwa kuti munthu sadzithirira yekha mowa, pokhapokha ngati kumeneko mwaiwala. Nanga munayamba mwadzifunsapo kuti chimwalirireni Abambo, Amayi ankawathirira ndani? Palibe. Ngakhale ine mwana wawo, amene ndimakhala nawo pachiwaya tsiku lonse, sindinaganizepo. Mowa amafulula okha, amasefa okha, amathirira msika wonse, koma iwo ankangolawa ndi chala kuti amve ngati wapsa.

Chaka chatha, nthawi ya mvula yaikulu, a Pyo anaimirira, n'kutenga ketulo ya mowa yachikasu ija m'manja mwa Amayi. Anaigwira ndi manja awiri, n'kunena kuti amayi inu, mkono wanu wathirira anthu mokwana, lero khalani pansi. Amayi amvekere, iii, bambo inu mwapenga kodi, chitumbuwa chipserera! Koma anakhala. Analandira mbaleyo ndi manja awiri, natembenukira kukhoma ngati mtsikana, namwa yonse.

Amayi a ku Mokpo, aja ogulitsa nsomba zouma pafupi nafe, anaona zonse, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Anakuwa kuti msika wonse umve, amvekere anthuni bwerani mudzaone, kavalo wamatabwa waphunzira kuyenda yekha! Amayi athu anawagenda ndi chiguduli chopukutira mbale, ati khala chete iwe nsomba yowola. A Pyo makutu anafiira ngati tsabola.

Kuyambira pamenepo mvula ikangoti waa, Amayi ankayamba kukonza tsitsi. Ankathirirana mbale imodziimodzi basi, n'kumakamba za mawondo awo ndi mitengo ya kabichi. Tsiku lina ndinamva a Pyo akufunsa dzina la Amayi. Achimwene, msika wonse umawaitana kuti amake Manbok, mpaka iwo eni anachita kuganizira kaye asanayankhe kuti Geumrye. Ine ndinalowa kuseri kwa mitsuko n'kulira, sindibisa.

Zotsatira zake mukuzidziwa. A Pyo atamva kuti paki itsekedwa, anapempha kuti atenge Amayi akakhale nawo m'kanyumba kawo ka kumtunda. Amayi anati iwo sanganene kanthu, mutu wa banja ndi mwana wawo wamwamuna. Ndinakulemberani, inu munayankha.

Kalata yanuyo ndinawawerengera ndine, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wosaphunzira. Munati anthu adzati chiyani, mayi wa imvi kukwatiwanso ngati alibe ana. Munati nanga pambali pa manda a Abambo padzagona ndani. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, napukuta manja pa epuloni, nati Manbok wanena zoona, ndi mwana woganiza. Basi. Sanalire, sanakwiye. Anangotembenuza chitumbuwa.

Mvula yotsatira a Pyo atabwera, Amayi anandipatsa ine ketulo kuti ndiwathirire. Bambo aja analandira mwaulemu, nathokoza, naika mbaleyo pa benchi. Inakhala pomwepo mpaka masese onse anadikha pansi, pamwamba n'kutsala madzi oyera. Sanamwe. Akhala akubwerabe mvula iliyonse, ndipo mbale imabwerera yodzaza.

Tsono Lamulungu lija, tsiku lotsiriza, msika wonse unaphimba katundu n'kukwera kumtunda. Ogulitsa nsapato, azimayi a kabichi, ngakhale gogo wa mankhwala a makoswe uja, onse ankafuna kukwera komaliza. Amayi anati iwo satseka, wina akhoza kufuna chitumbuwa. Ine ndinatsala nawo, mtima uli kumtunda.

Dzuwa litapendeka tinangoona a Pyo akutsika, atavala jekete lawo la kumaukwati limene manja ake anafupika kalekale. Anaima patsogolo pa chiwaya, navula chipewa, nati a Geumrye, akavalo aja mawa akupita kwa ogula zitsulo, ndipo anyamula mwana aliyense wa m'tauni muno kupatula inu. Anati sakupempha china chilichonse, zinazo anamva ndipo sakutsutsa.

Amayi anayang'ana ine. Ndinazimitsa moto ndisanafunse munthu.

Achimwene, mukanaona! Anawakweza pa kavalo woyera yemwe uja, atakhala chammbali, epuloni ili m'chiuno, manja onse atakakamira chitsulo. Nyimbo yakale ija itayamba, yokhala ngati ikutuluka m'chitini, anakuwa kuti mayo ine ndafa, nditsitseni! Atazungulira pang'ono anasiya kukuwa. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, kukamwa yasa, mano awo achitsulo onse poyera. Amayi a ku Mokpo anali pa kavalo wa kumbuyo, akufuula kuti thamanga Geumrye, ndikupeza! A Pyo sanaimitse makinawo mpaka anthu a pamzere anayamba kudandaula.

Ine kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tili ana, Abambo akuvina ndi ketulo pamutu.

Titatsika, a Pyo anakhala pamalo pawo pa benchi. Amayi anatulutsa mbale ziwiri, osati imodzi, natenga ketulo. Anaikweza, mlomo wake unafika pa mbale ya a Pyo, ndipo mtima wanga unati tsopano. Koma dzanja linaima m'malere. Ndinawamva akunong'ona kuti Manbok, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba. Anaibweza ketuloyo pakati pa benchi. A Pyo nawo sanaikhudze, poti akanawathirira akanawaika pa mayeso. Anakhala choncho anthu awiri akuluakulu, ketulo yodzaza pakati, mbale zili gwa, mpaka ogulitsa anayamba kumanga katundu.

Ndinakukwiyirani tsiku limenelo, achimwene, ndipo mkwiyowo sunathe. Anthu amene mukuwaopawo ndi ati? Msika wonse unawomba m'manja Amayi ali pa kavalo. Amene akuchita manyazi ndinu nokha, ndipo muli kutsidya kwa nyanja, kumene simuona mbale imeneyi.

Za Abambo musandiuze. Amayi sanaphonyepo mwambo wowakumbukira ngakhale chaka chimodzi, ndipo pa Chusok pano, chikondwerero cha zokolola chija, akakwera kumanda ndi mowa wofulula okha, monga mwa nthawi zonse. A Pyo anati iwo adzanyamula dengu mpaka m'munsi mwa phiri n'kudikira pamenepo. Komanso si Abambo omwewo amene ankatimenya pamutu ndi supuni tikasiya mbale ya mlendo youma? Ankati mbale ya mnzako ikauma, manyazi ndi a iwe wakhala naye pafupi.

Nthawi yatha. Ntchito ya a Pyo yatha, ndipo mwana wawo wa ku Ulsan akubwera ndi lole Chusok ikangodutsa kuti awatenge. Ati munthu wokalamba sangakhale yekha kumtunda kopanda anthu. Akakwera lole imeneyo sitidzawaonanso.

Pali china chimene Amayi sakudziwa kuti ndachiona. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo kuli mtsuko waung'ono, wofunditsidwa bulangeti lawo lomwe. Si wa malonda, ndipo si wa kumanda, wa kumandawo uli pakhonde. Athiramo mpunga watsopano, womata uja, umene anafululira pa ukwati wanu ndi wanga. Nditawafunsa mozungulira anati mpunga unangotsala, anaopa anankafumbwe. Mpunga wake uti wotsala m'nyumba muno? M'mawa uliwonse amagwada n'kuika khutu pa mtsukowo. Dzulo nanenso ndinamvetsera. Wayamba kuwira.

Chonde, achimwene anga, ndagwira mwendo wanu. Musalembe kalata, ichedwa m'njira. Imbani foni ku sitolo ya mankhwala ya pakona, adzawaitana. Musavutike ndi mawu ambiri, inu ndi ine tonse si anthu a mawu okoma. Mungowauza kuti Amayi, athirireni a Pyo. Adzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tsabola wouma ndatumiza ndi a m'sitima aja. Ana muwapsompsone, ndipo muziwaphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri. Mulungu akusungeni ndi kudalitsa ntchito ya manja anu.

Koma za mtsuko zija musaiwale. Inu munakulira pa mowa umenewu, mukudziwa kuti ukapsa sudikira munthu. Mukaimba msanga tidzakusungirani mbale yanu. Mukachedwa, Amayi sadzanena kanthu, adzangouthira m'mabotolo n'kunena kuti chaka chino viniga wachita bwino.

Ndine mlongo wanu,
Malja